Yankho kwa achimwene a ku Tsangano

Achimwene, mwafunsa ngati mapulogalamu a open source angadalirike pokonza tsamba la pa intaneti lolembapo kachewere amene alimi a kopaletivu yanu amabweretsa, kapena ngati ndi bwino kugula a laisensi. Ineyo ndimagwira ntchito imeneyi kuno ku Dedza, ndipo ndikukutsimikizirani kuti ndi odalirika.

Mawu akuti open source amatanthauza kuti code ya pulogalamuyo (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira) ili poyera, moti aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kugawirako ena. Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, ndiyo imayendetsa ma server (makompyuta osungirako masamba a pa intaneti) ochuluka padziko lapansi, ndipo ngakhale DHIS2 imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti a m'zipatala ndi ya mtundu womwewu.

Pa ntchito yanuyi sankhani Linux, Apache (yotumiza tsamba kwa olitsegula), MariaDB (database, kapena kuti mosungira zolemba zonse) ndi PHP (chinenero cholembera code), kenako muwonjezerepo Laravel (zida zofulumizitsa kulemba PHP). Zatsopano zilipo zambiri, koma chimene ndikuganizira ine ndi tsiku limene inuyo mudzachoke pa kopaletivupo, chifukwa wodziwa PHP woti adzapitirize savuta kumupeza, ndipo malo osungirako tsamba la PHP ndi otsika mtengo. Komanso mukaika XAMPP (phukusi la Apache, MariaDB ndi PHP) pa laputopu mungathe kulemba ndi kuyesa zonse popanda kugula bandulo. Mbiri ya MariaDB ikulimbitseni mtima: mu 2009, pamene kampani ya Oracle inkagula kampani imene inali mwini wake wa database ya MySQL, Michael Widenius, mmodzi mwa amene anayambitsa MySQL, anatenga code ija n'kupitiriza nayo pa dzina latsopano la MariaDB, zimene sizikanatheka ikanakhala yotsekeredwa.

Komabe muwauziretu akomiti kuti ndalama zidzafunika ndithu, poti server ndi dzina la tsamba zimalipiridwa chaka ndi chaka, nthawi zina m'madola. Tsambalo likhale lopepuka, lopanda zithunzi zikuluzikulu, popeza mlembi adzalitsegula pa foni ali kumene netiweki imabwera mwa apo ndi apo. Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi kukopera database tsiku lililonse ndi kuisunga pamalo awiri osiyana. Ine ndinataya zolemba za miyezi itatu kompyuta itapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira alimi akundifunsa za matumba awo ine ndilibe chowaonetsa.