Kodi Tisonkhe Ndalama Zodzalira Mitengo ya Mangrove ku Quelimane?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Nsanje amene akukhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Iwo akuti mnzawo wa ku Mozambique, amene amapemphera naye mpingo umodzi, wapempha kuti asonkhe ndalama zogulira mbande za mangrove zokadzala kwawo kufupi ndi Quelimane, ndipo akufunsa ngati nkhaniyi ikutikhudza ife amene dziko lathu lilibe nyanja ya mchere.

Bambo, ine ndikuti sonkhani ndithu, koma musanafunse kuchuluka kwa mbande, muyambe mwafunsa za madzi. Mangrove ndi mitengo yomera m'matope pamene mtsinje umakumana ndi nyanja ya mchere, ndipo moyo wake umadalira madzi amene amakwera n'kuphweranso kawiri pa tsiku. Mbande ikadzalidwa pamalo otsika kwambiri imamira, ikadzalidwa pamtunda pomwe madzi safika imauma ndi mchere, ndipo n'chifukwa chake mbande zambiri zimene zinadzalidwa ku Sri Lanka pambuyo pa tsunami (mafunde aakulu obwera ndi chivomerezi cha pansi pa nyanja) ya 2004 sizinakule. Kawirikawiri chimene chimapha nkhalangoyi ndi msewu, khoma la dziwe la mchere kapena ngalande yotsekedwa, zomwe zimatchinga madzi, ndipo chotchingacho chikachotsedwa mitengo imabwerera yokha, pakuti mbewu za mitundu yambiri ya mangrove zimamerera pamtengo pomwepo, n'kugwera m'madzi, n'kuyandama mpaka zitapeza matope oyenera.

Phindu loyamba ndi la anthu a m'mphepete mwa nyanja. Mizu yolukanalukana ija ndi malo amene tiana ta nsomba ndi nkhanu timabisalamo mpaka titakula, motero msodzi wa ku Zambezia amene wadula mangrove kuti awotche makala kapena apeze nsichi za nyumba amakhala akuchepetsa ndiwo za chaka chamawa. Sindikumuweruza, chifukwa njala siidikira mtengo kuti ukule. Mizu yomweyo imagwira dothi ndi kufooketsa mafunde. Tonse tikukumbukira kuti namondwe wa Freddy analowera kufupi ndi Quelimane m'mwezi wa Marichi 2023 asanafike ku Blantyre ndi Phalombe. Mitengo siingaletse namondwe, koma mudzi umene uli kuseri kwa nkhalango yowirira sulandira mafunde ndi mphamvu yofanana ndi mudzi umene uli pambalambanda.

Phindu lachiwiri ndi la kaboni, chinthu chimene mitengo imakoka mumpweya n'kusunga m'thupi mwake, ndipo chinsinsi chake chili pansi osati m'nthambi. Masamba ndi mizu yakufa zimakwiririka m'matope onyowa mmene mpweya sulowa, choncho siziwola msanga ndipo kaboni amakhala momwemo zaka mazanamazana. Hekitala imodzi ya mangrove imasunga kaboni wochuluka kangapo kuposa hekitala ya nkhalango ya kumtunda, koma matopewo akakumbidwa n'kuuma, kaboniyo amathawira mumlengalenga n'kuwonjezera kutentha kwa dziko. Pachifukwa ichi, kuteteza mitengo imene ilipo kale kumaposa kudzala yatsopano.

Ku Gazi Bay, kumwera kwa Mombasa ku Kenya, kuli ntchito yotchedwa Mikoko Pamoja, imene anthu a m'midzi amateteza ndi kudzala mangrove n'kumagulitsa ziphaso za kaboni wosungidwayo kwa ofuna kulipirira mpweya woipa umene amatulutsa, ndipo ndalama zake zathandiza kubweretsa madzi abwino ndi mabuku a sukulu. Chimene ndimachikonda pa ntchitoyi n'chakuti anadzalanso mitengo ina yokula msanga kumtunda kuti anthu azipezako nkhuni ndi milimo.

Inu a ku Nsanje nkhaniyi ili pakhomo penipeni, chifukwa madzi a Shire amene amadutsa kwanu amathira mu Zambezi, ndipo dothi limene amatenga limakathandiza kumanga matope a mangrove kumathiriro a mtsinjewo cha ku Chinde. Mnzanuyo mumufunse chimene chinapha mitengo yakale pamalopo, ngati madzi akukwerabe bwino, ngati amfumu ndi asodzi avomereza, ndiponso amene adzayang'anire mbandezo zaka zitatu zoyamba. Mukadzapita ku Durban, kaimeni ku Beachwood, pamene mtsinje wa Umgeni umalowera m'nyanja, mukadzionere nokha mizu yotuluka m'matope ngati zala ndi nkhanu zikuthamanga pakati pake madzi ataphwa.