Mwana wanga akuti sakudziwa ngati Mulungu alipo

Funso: Akonzi, mwana wanga wamwamuna, amene anakulira m'kwaya ya mpingo wathu, wabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite ndipo akukana kutsogolera pemphero la madzulo. Akuti iye tsopano ndi agnostic, komanso akuti boma lisamatengere mbali pa nkhani za chipembedzo. Abale ena akuti walowa za satana. Kodi zimenezi zikutanthauza chiyani? Ndine mayi wodandaula, Zomba.

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma abale akunena za satanawo akulakwitsa, pakuti wopembedza satana amakhulupirira kuti satana alipo, pamene mwana wanu akukayika ngakhale zimenezo. Mawu akuti agnostic anawayambitsa Thomas Henry Huxley, katswiri wa sayansi ya zamoyo wa ku England, m'chaka cha 1869, ndipo anawatenga ku Chigiriki, kumene amatanthauza munthu wosadziwa. Huxley ankaona kuti anzake, okhulupirira ndi okana Mulungu omwe, ankalankhula motsimikiza pa nkhani imene kwa iye nzeru za munthu sizikanatha kuitsimikiza. Choncho mwana wanu sakunena kuti Mulungu kulibe. Akunena kuti umboni umene ali nawo sunamukwanire.

Za bomazo ndiye musade nazo nkhawa kwenikweni, chifukwa boma losakondera chipembedzo limateteza inu amene mumapemphera kuposa mmene mukuganizira. Akuluakulu akukumbukira kuti mu 1967 boma la Kamuzu Banda linaletsa Mboni za Yehova, zimene zinkakana kugula makhadi a chipani, ndipo pofika 1972 anthu zikwizikwi anali atathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, kusiya nyumba ndi minda yawo. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994, lopatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo, linalembedwa mabala amenewo asanapole, ndipo limafunditsa mkulu wa mpingo, shehe ndi mwana wanu chofunda chimodzi.

Komabe ngati mwanayo akutanthauza kuti chipembedzo chizikhala chete pa nkhani za dziko, pamenepo ine ndikusiyana naye. Kalata imene mabishopu a Katolika anaiwerengetsa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inadzudzula kupondereza anthu pa nthawi imene ambiri ankangonong'ona, ndipo inatsegula njira ya riferendamu ya 1993. Dziko la France, limene linalekanitsa boma ndi mipingo mu 1905, linafika mu 2004 poletsa ana kuvala zizindikiro zooneka za chipembedzo m'sukulu zaboma, ndipo kwa ine kumeneko kunali kupyola muyeso, pakuti boma likhoza kusakondera mpingo uliwonse popanda kuvula mtsikana mpango kumutu.

Kunyumbako, musamukakamize kutsogolera pemphero limene mtima wake sukuvomereza, ndipo musalole kuti amalume ake amuitanire anthu oti amutulutse ziwanda. Mukamapempherera nsima, muloleni akhale nanu pamphasa mwaulemu ngakhale asatsinzine. Tsiku lina muli awiri pakhonde, mufunseni modekha kuti funso loyamba limene linamusowetsa mtendere linali lotani, kaya ndi maliro a mnzake kapena zimene anaphunzira m'kalasi, ndipo mumumvetsere mpaka amalize musanatsegule Baibulo.