Kodi phokoso la hardcore punk ndi nyimbo ndithu?

Funso: A Mkonzi, mphwanga amangokhalira kumvera hardcore punk, imene kwa ine imamveka ngati mkangano wa pamsika, koma mwadzidzidzi imatembenuka n'kukhala reggae. Kodi chimamukopa n'chiyani? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Bambo, kutembenukako si kwangozi ayi. Hardcore punk inayamba ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo imadziwika ndi ng'oma zothamanga, magitala aukali komanso woimba amene amakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Gulu la Bad Brains la ku Washington, D.C., lomwe oimba ake ndi anthu akuda achirasta, linayamba ndi kuimba jazz, ndipo m'chimbale chake cha 1982 linaika nyimbo zodekha za reggae pakati pa nyimbo zolusa, zina zosakwana n'komwe mphindi ziwiri. Mu 1998 gulu la Refused la ku Sweden linasakaniza hardcore punk ndi jazz komanso techno (nyimbo zovina zopangidwa ndi makina), koma linapasuka chaka chomwecho anthu ambiri asanaliyamikire.

M'kuona kwanga, chimene chimakopa omvera ndi kusadziwa zimene zikubwera, chifukwa ng'oma zija zikakutopetsa, besi ya reggae imalowa ngati madzi a mumtsuko masana a mu Okutobala. Mumupemphe mphwanuyo akuyambitseni ndi Bad Brains, popeza makutu anu reggae anaizolowera kale.