Kulumikiza amplifier ku wailesi yobwera ndi galimoto

Bambo a ku Luchenza, mwafunsa ngati n'zotheka kuika amplifier (chipangizo chokuza mphamvu ya mawu) ndi subwoofer (sipika yaikulu ya besi) mu galimoto yanu ya Sienta popanda kuchotsa wailesi imene galimotoyo inabwera nayo kuchokera ku Japan, popeza kumbuyo kwa wailesiyo kulibe mabowo a RCA, otulutsira mawu opita ku amplifier. N'zotheka ndithu, ndipo musamvere amene akukuuzani kuti mugule kaye wailesi ina.

Mawu muwatenga pa mawaya opita ku masipika akumbuyo. Yang'anani pa amplifier yanu ngati pali polowera polembedwa kuti High Level Input, chifukwa ngati palipo, mawaya amenewo amalowa pamenepo mwachindunji. Ngati palibe, mugule kabokosi kotchedwa line output converter, kamene kamachepetsa mphamvu ya mawu ochokera ku masipika n'kuwatulutsa pa RCA. Samalani kuti musasinthanitse waya wa positive ndi wa negative mbali imodzi, pakuti mukatero mawu akumanja ndi akumanzere amafafanizana ndipo besi imazimirira. Kuti mudziwe waya wake, chotsani mawaya awiri a sipika ku wailesi n'kuwagunditsa pang'ono pa batire la tochi la 1.5V, sipika ikatukumukira kunja, waya umene uli kumutu kwa batirelo ndiwo positive.

Komabe chimene ndikufuna kuti muchigwiritsitse kwambiri ndi nkhani ya moto wa magetsi, chifukwa apa ndi pamene galimoto imatha kupsa. Musanakhudze chilichonse, masulani waya wa negative pa batire. Waya wa moto uchokere pa batire penipeni, osati pa choyatsira fodya kapena pa mawaya a wailesi, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire, pamtunda wosapitirira masentimita 45. Fyuzi imeneyi imateteza wayawo, osati amplifier, choncho kuiika kubuti n'kusiya waya wonse wautali uli wopanda chitetezo. Podutsa kuchoka ku injini kulowa m'kati, wayawo udutse pabowo lokhala ndi labala, chifukwa m'misewu yathu yafumbi yopita m'maesiteti a tiyi galimoto imagwedezeka tsiku lonse, ndipo chitsulo chimadya chikopa cha waya pang'onopang'ono mpaka moto utathetheka pansi pa kapeti. Kwa amplifier ya mawatsi 500 RMS (mphamvu yeniyeni imene imatulutsa mosalekeza) kapena kucheperapo, waya wa 8 gauge (muyeso wa kunenepa kwa waya) wa kopa weniweni umakwana, koma mawaya ambiri otsika mtengo ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Mukaupala ndi mpeni n'kuona kuti m'kati mwake ndi moyera, tengani wonenepa kuposa pamenepo.

Waya wa ethi, womwe ndi wa negative wa amplifier, ukhale wonenepa mofanana ndi wa moto, waufupi, womangidwa ndi bawuti pa chitsulo cha galimoto pamalo pamene mwapala penti mpaka chitsulo kuwala. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, mvula ndi chiperoni zimabweretsa dzimbiri msanga, motero mukamanga mupakepo girizi pang'ono. Kaphokoso kolira ngati udzudzu, kamene kamakwera mukaponda mafuta, nthawi zambiri kamachokera pa ethi yosagwira kapena pa mawaya a RCA oyalidwa pamodzi ndi waya wa moto, choncho muwayendetse mbali zosiyana za galimoto.

Waya wochepa wa remote, umene umayatsa amplifier, muutenge pamalo pamene moto wa 12V umafika pokhapokha mukatembenuza kiyi pa ACC, pamene wailesi imayaka injini isanalire. Mukaulumikiza pa moto wosazima, m'mawa mudzapeza batire latha.

Musatengeke ndi manambala akuluakulu monga 3000W olembedwa pa katoni. Onani RMS, ndiponso muonetsetse kuti ma ohm olembedwa pa subwoofer, kaya 2 kaya 4, ndi amene amplifier imalola. Potchuna, ikani low pass ya pa amplifier (yolola mawu a besi okha kudutsa) pa 80Hz, tsitsani gain (yofananitsa amplifier ndi mphamvu ya mawu ochokera ku wailesi) mpaka pansi, kwezani wailesi kufika pafupifupi magawo atatu mwa anayi, kenako muzikweza gain pang'onopang'ono mpaka mawu ayambe kusasa, n'kubwererako pang'ono. Gain si voliyumu ayi, ndipo kuikweza mpaka kumapeto n'kumene kumawotcha koyilo ya subwoofer. Mukaona nyali za galimoto zikuphethira besi ikagunda, mupite kwa katswiri wa zamagetsi a galimoto akayeze batire ndi alternator (chotchajira batire) musanawonjezere china chilichonse.