Kodi petulo wa okiteni wokwera amatsuka kaboni mu injini? Yankho kwa achimwene a ku Kamwendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amayendetsa Sienta pakati pa Kamwendo ndi Mchinji boma, nthawi zina mpaka kubodala. Akuti galimoto yawo yayamba ulesi pokwera mtunda, ikumwa mafuta kuposa kale, ndipo akaponda kwambiri kukumveka kaphokoso ngati wina akugwedeza misomali m'chitini. Makaniko wawauza kuti injini yadzaza kaboni, mwaye uja umaunjikana mkati. Ndiye alamu awo omwe ali ku Joni akuti vuto ndi petulo wathuyu, kumeneko amathira wa okiteni 95 ndiye injini zimakhala zoyera, basi agule timabotolo ta octane booster, mankhwala okweza okiteni, azithira pa thanki iliyonse. Funso lawo ndi lakuti kodi okiteni wokwera amachotsadi kaboni?

Achimwene, ayi. Ndalama ya timabotoloyo isungeni kaye. Alamu anuwo sikuti akunama dala, pali china chake chomwe anaona, koma chifukwa chomwe akupereka ndi cholakwika, ndipo ndifikapo.

Tiyambe ndi nambalayo. Anthu ambiri akaona 93 ndi 95 amaganiza kuti zili ngati ufa woyera ndi mgaiwa, kapena kuti winayo ndi wamphamvu kwambiri. Si choncho. Mu injini, pisitoni imapanikiza petulo wosakanikirana ndi mpweya, kenako pulagi imathetheka, moto nkuyamba pamenepo kuyenda mwadongosolo mpaka zonse zitapsa. Zili ngati kutentha tchire, mumayatsa mbali imodzi moto nkumapita. Tsono pakatentha kwambiri kapena kupanikiza kukachuluka, petulo wina amene moto sunamufike amangophulika yekha pakona, ngati mwana wayatsanso tchire lija mbali inayo, ndiye kuwombana kwake ndi misomali mukuimvayo. Okiteni ndi muyeso wa kupirira kwa petulo kuti asaphulike yekha nthawi isanakwane. Basi, palibenso china. Poyeza amafanizira ndi mankhwala awiri, iso-octane yemwe anapatsidwa 100 chifukwa amapirira kwambiri, ndi heptane yemwe ali pa 0 chifukwa sachedwa kuphulika. Petulo wa 95 ndi amene akupirira mofanana ndi chisakanizo cha magawo 95 a woyambayo ndi 5 a wachiwiriyo. Mwaonamo sopo mmenemo? Mulibe.

Apa ndichenjezeko, kugogoda ndikunenaku si kuja timati injini yanoka, yoti mabeyaring'i atha mpaka kuitsitsa. Koma mukakulekerera miyezi ndi miyezi kumatha kudya mapisitoni nkukufikitsani komweko.

Umboni woti okiteni si mphamvu tili nawo konkuno. Petulo wa ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, zinayamba 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenako kunabwera ya ku Chikwawa. Ethanol okiteni wake amapitirira 100, koma lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa kuyerekeza ndi lita ya petulo, imaperewera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye chinthu chitha kukhala ndi okiteni wokwera koma osakufikitsani patali. Komanso kuno pa filing'i sitisankha ngati ku Joni, pampu ya petulo ndi imodzi, mtengo wake ndi womwe alengeza a MERA.

Nanga Sienta yanuyo imafuna chani? Ngati ndi zija zakale za injini ya 1NZ ya 1.5, ku Japan inapangidwira petulo wamba yemwe kumeneko amayambira pa 89, pomwe wodula amene amamutcha haioku amayambira pa 96. Ikakhala bwinobwino sifuna wodulayo, ndipo mukaipatsa imangomwa osathokoza. Chinanso, kumalo okwera mpweya umapepuka ndiye injini siipanikiza kwambiri, nchifukwa chake ku South Africa wa 93 amapezeka kumtunda monga ku Johannesburg pomwe kunyanja amagulitsa wa 95. Mchinji nayenso ndi kumtunda, tili pamwamba kupitirira mamita 1,000. Pali magalimoto ena, makamaka a turbo ndi ena a ku Ulaya, olembedwa pachitseko cha thanki kuti 95 kapena 98, amenewo apatseni zomwe akufuna, koma nawonso chifukwa chake ndi kupewa kugogoda osati kutsuka.

Tsopano za alamu anu. Kaboni akaunjikana pamwamba pa pisitoni amachepetsa malo, kupanikiza kumakwera, komanso iyeyo amasunga kutentha ngati khala la pambaula. Injini imayamba kugogoda, kachipangizo komva kugogoda kotchedwa knock sensor kamamva, kompyuta ya galimoto nkuchedwetsa kuthetheka kwa pulagi kuti iteteze injini, ndipo ulesi wa pamtunda uja umachokera pamenepo. Mukathira okiteni wokwera phokoso limachepa, mphamvu imabwererako pang'ono, munthu nkumati eya yatsukika. Chonsecho kaboni ali pompo. Ndi chimodzimodzi kumwa panado dzino lili lobooka. Chachiwiri, mmaiko ena makampani amaika mankhwala otsukira ochulukirapo mu petulo wodulayo pofuna kukopa ogula, ndiye chotsuka ndi mankhwalawo, okiteni wangokwera nawo matola. Ndipo alamu anuwo mwina amathamanga pamisewu italiitali injini itatentha bwino, zomwe inu pa siteji simuchita.

Timabotolo tija ndiye samalani nato. Tambiri timakweza okiteni pang'ono zedi, ndipo tina timakhala ndi manganese, amalemba MMT, yemwe amasiya zofiirira ngati dzimbiri pa mapulagi komanso pa oxygen sensor, kachipangizo ka mu ekisozi kouza kompyuta ngati mafuta akuchuluka kapena akuchepa. Mukufuna kuchotsa litsiro mukuonjezera lina.

Kaboni ndi mwaye basi, ngati wa kunsi kwa poto. Amachokera ku petulo amene sanapse yense ndi oyilo amene walowa mosayenera. Ndipo ntchito yanu achimwene ili ndi zonse zomuitana. Mumaima pa siteji injini ikulira mphindi makumi angapo kudikira munthu mmodzi kuti mudzaze, mukanyamuka simunapite patali mwaima kutsitsa, mwanyamukanso, galimoto yodzaza mpaka kubuti. Fumbi la mwezi wa Okutobala mukapatuka pa tala limatseka air filter, ndipo ena amangoikuntha pa tayala nkubwezera chaka chonse, pena yang'ambika fumbi likulowa kukadya malingi a pisitoni. Malingi akatha kapena ma valve seal akauma oyilo amapsa limodzi ndi petulo, mudzaona kautsi kabuluu mamawa kapena mukuonjezera oyilo sabata iliyonse.

Koma chomwe chimandipweteka mutu kwambiri ndi thermostat, kavavu kotsekera madzi kuti asapite ku radiator mpaka injini itatentha mokwanira. Ndani anatiphunzitsa kuti galimoto ikangofika kuchokera ku Japan tiichotse chifukwa kuno nkotentha? Ine zinandionekera ndekha. Ndinali ndi kagalimoto kanga kena, kanatenthako kamodzi pafupi ndi Namitete, makaniko wina anangochotsa thermostat nkundiuza kuti bwana izi nza kwa azungu kozizira. Vuto lenileni linali radiator yotsekeka. Kuchokera apo muvi wa temperecha sunkakweranso, makamaka mu Juni mamawa, ine nkumasangalala kuti galimoto yanga siitentha, osadziwa kuti kompyuta ikuona ngati injini idakali yozizira ndiye ikungothira mafuta ochuluka ulendo wonse. Patatha miyezi ingapo mapulagi anali bii, ekisozi ukaigwira chala chimatuluka ngati wagwira mbaula. Nditabwezeretsa thermostat ndi kutsukitsa radiator mafuta anatsika ndinaona ndekha mthumba. Ndiye funso langa loyamba kwa inu ndi lakuti thermostat yanu ilimo?

Lachiwiri, mumathira kuti? Ndikudziwa mafuta akasowa tonse timathamangira a m'zigubu, kuno kufupi ndi bodala ndiye osanena. Ena mwa mafutawo amakhala osakaniza ndi palafini, ndipo palafini okiteni wake ndi wotsika kwambiri komanso sapsa bwino mu injini ya petulo, ndiye amabweretsa zonse ziwiri, kugogoda ndi mwaye. Apa pokha ndi pomwe ndingavomere kuti okiteni ndi nkhani, koma mankhwala ake ndi kusiya zigubuzo osati kabotolo. Ngati phokoso lanu linayamba mutangothira a m'chigubu, yambirani pamenepo musanamasule chilichonse.

Kwa anzathu a Noah, Voxy ndi Premio zolembedwa D-4, za injini ya 1AZ-FSE, nkhani yanu ndi ina. Mu Sienta ya 1NZ injekita imapopera petulo kuseri kwa vavu ndiye vavuyo imasamba nthawi zonse. Mu D-4 ndi GDI ya Mitsubishi petulo amapoperedwa mwachindunji mu silinda, sakhudza kumbuyo kwa vavu, pomwe nthunzi ya oyilo ndi utsi wa mu ekisozi wobwezeredwa mu injini, womwe amati EGR, zikudutsa pomwepo nkumamata. Kaya muthire petulo wodula bwanji, kaya mankhwala otani mu thanki, sangatsuke malo omwe safikako. Pamafunika kumasula manifold, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, nkupala. Kunja ena amapopera zikhokho za mtedza wa walnut zogaya, kuno ndi bulashi, mankhwala ndi makaniko wodekha amene sagwetsera zinyalalazo mu silinda.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Ndikanamasula mapulagi onse anayi nkuwayang'ana, akakhala akuda kouma ndiye kuti mafuta akuchuluka, akakhala akuda konyowa ndi oyilo, akakhala otuwa mofiirira pang'ono ndiye kuti mwina kaboni akungonamiziridwa ndipo vuto lili kwina, monga fuel pump yofooka kapena catalytic converter, yosefera utsi mu ekisozi ija, yotsekeka. Kenako makaniko aike galimotoyo pa kompyuta, ngakhale nyale ya check engine isakuyaka, aone temperecha yeniyeni ndi mmene oxygen sensor ikuwerengera. Air filter yatsopano, throttle body, polowera mpweya mukaponda paja, itsukidwe, kavavu ka PCV kotulutsa nthunzi ya oyilo kaonedwe, nkotchipa koma anthu sakakumbuka. Oyilo akhale wa nambala yomwe buku likunena ndipo musadutsitse makilomita, uja wopima m'mabotolo a Fanta m'mbali mwa msewu musiyeni. Ngati mukufunabe kuthira kena kake mu thanki, funani fuel system cleaner yolembedwa PEA, imeneyo imathandizako ma injekita ndi mavavu a injini ngati yanu, kamodzi musanasinthe oyilo kakwana, osati tsiku lililonse.

Zikatha izi ipatseni ulendo wautali. Kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 100, iyendeni osaimaima, injini itenthe bwino ipume, koma musati ine ndakuuzani kuti muthamange, apolisi a kamera amakhalapo pa msewu umenewo ndipo chindapusa chake sindikuthandizani. Mukabwerako mudzandilembere, makamaka za mtundu wa mapulagiwo, ndipo ngati mungathe mundijambulire chithunzi onse anayi mowandanda mmene analili mu injini.