Pa wailesi napo pamafunika odi

Mdzukulu wina wa ku Makawa wandilembera. Akuti amalume ake, omwe ankayendetsa thiraki ya ku Joni, amusiyira wailesi yolankhulirana ya CB, ndipo mtima wake uli pofuna kudzalowanso m'gulu la anthu a amateur radio, omwe amacheza pa mafunde awoawo a wailesi atatenga layisensi. Madzulo amamva anthu akucheza, ena Chingerezi, ena Chipwitikizi, koma iye akaitana palibe womuyankha ngakhale akuwe chotani. Ndiye akufunsa kuti agule chowonjezera mphamvu cha mawati angati kuti amveke.

Mdzukulu wanga, mwina anakumva bwinobwino. Funso lomwe ukanafunsa ndi lakuti pabwalo pa eni ake amalowapo bwanji.

Kale mwana akatumidwa kunyumba ya eni, ankaima chapatali kumapeto kwa bwalo nkunena kuti “Odi!” Kamodzi kokha, kenako nkudikira. Akapeza akuluakulu ali pa nkhani pansi pa mtengo wa mango, kapena asodzi akusoka chilimira kugombe, sankafikira kutula uthenga ayi. Ankanjuta pambali, nkuomba m'manja pang'ono, mpaka mmodzi wa iwo atatembenuka nkunena kuti “Odini, fika kuno.” Kwa abale athu Achiyao nchimodzimodzi, moni amatsogola, nkhani imabwera pambuyo. Kudikira kuja sikunali kutaya nthawi. Mwanayo ali chinjutire ankamva ngati nkhani ili pamenepo ndi ya maliro, ya mlandu wa munda kapena nthabwala chabe, ndipo pomwe ankapatsidwa mpata anali atadziwa kale mawu oyenera kulowa nawo. Inu a masiku ano mwakulira pa WhatsApp, pomwe anthu makumi awiri amalemba nthawi imodzi popanda wotsekereza mnzake. Sindikukuda nazo, ndi momwe mwazipezera. Koma khalidwe limenelo ukapita nalo pa wailesi, anthu amangokhala chete nkukusiya.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka chipangizocho. Ukakanikiza batani lolankhulira, lija amalitcha PTT, wailesi yako imasiya kumva. Umakhala ngati wogontha mpaka utachotsapo chala. Lamya imalola anthu awiri kulankhula pamodzi, wailesi salola. Awiri akakanikiza nthawi imodzi, pa AM pamangomveka likhweru loboola m'khutu, pomwe pa FM wamphamvuyo amameza wofookayo, mawu ake osamveka nkomwe. Ndipo awiri olakwawo sadziwa kanthu, aliyense amaganiza kuti walankhula bwino. Ovutika ndi omvera, omwe ayenera kupempha kuti zonse zibwerezedwe.

Choncho ntchito yoyamba ndi ya khutu. Yatsa wailesi, tsitsa squelch, kopotokola kotsekera phokoso, mpaka phokoso lija longa mvula pa malata limveke, kenako uikweze pang'onopang'ono kufikira pomwe langotha. Ukaipotokola mopitirira, anthu akutali omveka motsika suwamva, ndipo udzawaponda ukuganiza kuti tchanelo chili chopanda munthu. Khala ndi pepala ndi cholembera. Mvera mphindi zisanu, ngakhale khumi. Lemba omwe alipo ndi ndondomeko yomwe akupatsirana mpata: uyu akatha amapereka kwa yani, uyo kwa yani. Mvetsanso mtundu wa machezawo. Pena ndi mabwenzi awiri akale akufunsana za odwala, ndipo amenewo asiye amalize. Pena ndi net, msonkhano wa nthawi yoikika wokhala ndi wapampando, ndipo pamenepo sulankhula kufikira wapampandoyo ataitana ofuna kulowa.

Ngakhale pomwe pakuoneka kuti pali zii, funsa kaye. Pa mafunde oyenda kutali, monga 7 MHz, 14 MHz ndi 27 MHz ya CB yakoyo, mawu amakagunda kumwamba nkukagwera kutali, kudumpha malo apafupi. Munthu wa ku Johannesburg akhoza kukhala akumvetsera mnzake yemwe iwe ku Mangochi sukumumva konse. Unene mwachidule kuti “Kodi pali akugwiritsa ntchito pano?” ndipo kwa akunja “Is this frequency in use?” Dikira, bwerezanso kachiwiri. Akakuyankha kuti alipo, thokoza ndi mawu amodzi nkusuntha.

Tsono odi wa pa wailesi ndi uyu. Munthu akamaliza kulankhula nkuchotsa chala, pamakhala kampata kochepa mnzake asanayambe. M'kampata kameneko ndi momwe umaponya dzina lako la pa wailesi, kamodzi, nkuchotsa chala msanga. A pa CB anazolowera kunena “break” kapena “breaker” nkutchula nambala ya tchanelo. Kwa a amateur usatero, chifukwa ambiri mwa iwo akamva “break”, makamaka yobwereza, amaganiza kuti pagwa zangozi ndipo amasiya zonse. Kumeneko odi ndi call sign yako basi, dzina la zilembo ndi manambala lomwe umapatsidwa pamodzi ndi layisensi. Za kuno kwathu zimayamba ndi 7Q, za ku Mozambique C9, za ku Zambia 9J, za ku Tanzania 5H, ndipo zambiri za ku South Africa ZS. Uzitchule ndi mawu odziwika padziko lonse, “Seven Quebec” kenako zilembo zakozo, chifukwa m'phokoso B, D ndi P zimamveka chimodzimodzi, pomwe Bravo, Delta ndi Papa sizisokonezeka.

Ukaodira, khala chete. Apa ndi pomwe achinyamata ambiri amagwera. Yemwe inali nthawi yake angathe kunena kuti wakumva, udikire, iye nkupitiriza kumaliza mfundo yake. Sikukunyoza kumeneko, ndi “odini, khala pamkekapo” wa pa wailesi. Akapanda kukuyankha, lola kuti adutse awiri kapena atatu, uyesenso kamodzi. Kachitatu kakalephera, asiye. Mwina sukufika kwa iwo, mwina ali pa nkhani yawo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma woitana mobwerezabwereza, woimba likhweru, wouzira mu maikolofoni kapena wotsegula nyimbo kuti amuzindikire, amazindikiridwadi, ndipo mawa lake akamva mawu ake onse amasamukira kwina.

Akakulowetsa, usayale mkeka wonse tsiku loyamba. Thokoza, tchula dzina, nena kuti uli ku Mangochi kummwera kwa nyanja ya Malawi, uwauze momwe ukuwamvera. Kamvekedwe amakayeza ndi manambala awiri: yoyamba kuchokera pa 1 mpaka 5 kunena kumveka kwa mawu, yachiwiri kuchokera pa 1 mpaka 9 kunena mphamvu. “Five nine” ndiye kuti mbwee. Ngati munthu ukumumva movutikira, muuze zoona kuti “three four”, usamunamize pofuna kumusangalatsa, popeza iye akufuna adziwe ngati waya wa mlongoti wake ukugwira ntchito. Onjezapo mawu amodzi kapena awiri pa nkhani yomwe wapeza, osati kubweretsa yako. Kenako yang'ana pepala lija nkupereka mpata, pomutchula dzina, kwa yemwe anayenera kulankhula iwe usanalowe. Ukangosiya osatchula munthu, atatu amakanikiza pamodzi, kapena onse amadikirana. Ndipo pamakhala wina wofatsa yemwe wadumphidwa, amene sadandaula, amangozimitsa wailesi nkukagona.

Kagwiridwe ka maikolofoni nakonso nkaulemu. Kanikiza, werenga “imodzi” mumtima, kenako lankhula, apo ayi mawu ako oyamba amaduka, makamaka ukamadzera pa repeater kapena kuti ripita, siteshoni yolandira mawu ako nkuwaponyanso patali, yomwe imatenga kanthawi kuti itseguke. Maikolofoni ikhale masentimita asanu kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono kuti mpweya usamaombemo. Kukuwa sikufikitsa mawu patali, kumangowaphwanya. Maripita ambiri ali ndi wotchi yomwe imadula munthu akapitirira mphindi ngati zitatu, ndipo wodulidwayo amapitiriza kudzilankhulira yekha. Kuno kotentha, mu Okutobala ndi Novembala, wailesi imatentha msanga ukatalikitsa. Wailesi ya mawati 100 imakoka pafupifupi maampu 20 polankhula, pomwe pomvera imakoka imodzi kapena awiri okha, choncho batire la sola likayamba kufooka mawu ako amanjenjemera nkumaduka iwe osadziwa.

Koma chomwe ndikufuna chikukhale kwambiri ndi kampata kaja. Iwenso ukakhala m'kati mwa macheza, mnzako akamaliza usathamangire kukanikiza. Werenga mpaka zitatu. Akale ankasiya mpata umenewu mwadala, monga momwe pakudya ankasiyira malo pamkeka kuti wodutsa m'njira aitanidwe. Masiku ano anthu amalandizana mawu ngati akulimbirana usipa pagombe, ndipo mlendo alibe polowera. Tsono wofuna kulowayo si nthawi zonse amafuna macheza. Ife a kunyanja timaudziwa mwera wa mu Juni ndi Julayi, momwe umasinthira nyanja yabata kukhala mapiri a madzi. Sitima ya Vipya inamira mu 1946 ndi anthu 145. Munthu yemwe injini yamuthimira kuseri kwa Cape Maclear, kapena dalaivala yemwe mabuleki amukana potsika mapiri a ku Namwera, amakhala ndi batire lofooka ndi mawu otsika, ndipo polowera pake ndi masekondi atatu omwe iwe wasiyawo.

Nchifukwa chake pali matchanelo osachezerapo. Pa CB, tchanelo 9, chomwe ndi 27.065 MHz, chinapatulidwira zangozi, pomwe 19 ndi chomwe madalaivala amakonda kukumanapo. Pa wailesi za m'madzi, tchanelo 16, pa 156.8 MHz, nchoitanirana ndi kupempha thandizo: mukapezana mumasamukira kwina nthawi yomweyo. A amateur kuno ku Africa amaitanirana pa 145.500 MHz, nawonso akapezana amasuntha. Ukamva “Mayday” katatu, mawu opempha thandizo pa ngozi yaikulu, chala chichoke pa batani. Lemba dzina la bwato, pomwe lili, vuto lake ndi chiwerengero cha anthu. Ngati pali wina wapafupi kapena waudindo yemwe wayankha, iwe ingomvera. Ngati padutsa kanthawi popanda woyankha, yankha ndiwe, ubwereze zomwe walemba kuti atsimikize, nkuimbira apolisi kapena oyang'anira za panyanja. Mawu amenewa saseweretsa ngakhale kamodzi.

Za chilolezo usazembe. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'anira ndi a MACRA, ndipo ndi iwo amapereka layisensi ndi call sign. Pita ukawauze wailesi yomwe uli nayo. Munthu wa amateur saloledwa kucheza ndi wopanda call sign pa mafunde awo, choncho ukalowa ndi dzina lodzipatsa wekha adzakhala chete ngakhale atakumva. Tiwailesi tam'manja totchipa tomwe tadzaza m'misikamu timatha kulankhula pa mafunde ambiri, a sitima omwe, ndiye mwana wongokanikiza mwachisawawa angatsekereze uthenga wopulumutsa moyo. Pa amateur sachitirapo malonda, satukwana, ndipo akale ankapewa ndale ndi mikangano ya zipembedzo. Kuno komwe mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, chimenecho suchita kuuzidwa kawiri. Kumbukiranso kuti aliyense wotchera khutu akumva, choncho za ndalama zomwe wanyamula kapena za nyumba yomwe yatsala yopanda munthu usanene.

Chowonjezera mphamvu chija chisiye kaye. Wailesi wamba ya CB imatulutsa mawati 4, ndipo nyengo ikalola amenewo amawoloka mayiko. Zowonjezera zotchipa zimamwaza mawu ako m'matchanelo oyandikana nkumasokoneza anthu omwe sukuwamva nkomwe, komanso sizikuthandiza kumva bwino ngakhale pang'ono. Ngati ukukayika kuti sukufika patali, yamba ndi mlongoti. Pa 27 MHz waya woimirira umafunika kutalika pafupifupi mamita 2.6, ukhale pamwamba, kutali ndi nthambi ndi mawaya amagetsi. Bwereka mita ya SWR, yoyezera ngati mlongoti ukugwirizana ndi wailesi, muvi usapitirire 2, ndipo poyesapo sankha tchanelo chopanda anthu. Yang'ananso polumikizira chingwe, chifukwa chinyontho cha kunyanja chimadyetsa dzimbiri msanga.

Pochoka utsanzike, monga sunyamuka pabwalo chinyamukire. Dikira nthawi yako, thokoza onse, nena “seventy-three”, komwe ndi kufunirana zabwino kwa anthu a wailesi, tchula call sign yako, unene kuti ukutseka, nkupereka mpata kwa wotsatira. Usazimitse pomwepo. Mvera kwa theka la mphindi, chifukwa kawirikawiri pamakhala wina wakutali yemwe wakhala akudikira kuti umalize, pofuna kungomva kuti mawu ake afika ku Mangochi.