Za ma token a mafulati ku Ruwa: musanasonkhe, funsani dzina lomwe lili pa title deed

Amayi, mwafunsa ngati gulu lathu lingalowe m'dongosolo la mnyamata uja, loti aliyense agule token (chizindikiro cha pa intaneti choimira gawo lake) ya madola 100 polipira ndi USDT (crypto, kapena kuti ndalama ya pa intaneti, yoyenda limodzi ndi dola ya ku America), ndalamazo zimangire mafulati ku Ruwa, lendi nkumagwera m'ma wallet athu (zikwama za crypto za mufoni) mwezi ndi mwezi. Mundikhululukire, ndiyankha motalikirapo. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya maloya osintha umwini wa nyumba kuno ku Harare, ndiye mapepala a malo ndiwo nsima yanga.

Nkhani ya crypto tiyiike kaye pambali. Malowo ali m'dzina la ndani? Kuno ku Zimbabwe mwini malo ndi amene dzina lake lili pa title deed (chikalata cha umwini) yolembetsedwa ku Deeds Registry, basi. Blockchain, kaundula wa pakompyuta wa crypto, ikhoza kusunga bwinobwino kuti inu muli ndi ma token asanu, palibe angafufute, koma zimenezo sizimuuza woweruza kuti sitandiyo ndi yanu. Mnyamatayo akalembetsa malo m'dzina lake, mawa akhoza kuwagulitsa kapena kukatengera ngongole kubanki, ma token anu ali phee mufoni.

Kumene zimenezi zimachitikadi, nyumba imalembedwa m'dzina la kampani, ndipo token imangoimira sheya ya m'kampaniyo. Ndi mmene kampani ya RealT inachitira ndi nyumba za ku Detroit ku America. Komabe mu 2025 akuluakulu a mzindawo anaitengera kampaniyo kukhoti chifukwa cha nyumba zosasamalidwa, pamene ogula ma token ali kumayiko akutali, sanaziwonepo n'komwe nyumbazo. Ku Dubai anayamba kuyesa njirayi chaka chomwecho, koma kumeneko ofesi ya boma yoona za malo ili momwemo, ndiyo ikulumikiza token ndi chikalata cha umwini. Mnyamata wathuyu akulumikiza ndi chiyani? Ngati akuti token ndi sheya, ndiye kuti akugulitsa masheya kwa anthu wamba, ndipo ntchito imeneyo ili ndi woyang'anira wake, Securities and Exchange Commission of Zimbabwe. Atiwonetse kuti kumeneko akumudziwa.

Tsono malo enieniwo, apa ndi pomwe mtima wanga uli. Masitandi ambiri ozungulira Harare alibe title deed. Ena ali pa cession, kutanthauza kuti mwini weniweni akadali khonsolo kapena kampani yomwe inadula malowo, inu mwangogula ufulu wa munthu wina pa malowo. Ena ali ndi offer letter chabe (kalata yongolonjeza malo), ena kalata ya kopaletivu yokhala ndi chidindo chomwe aliyense angasemetse m'tauni. Mu ofesi mwathu munabwerapo bambo wina atanyamula envelopu ya khaki, m'katimo muli pangano logulitsirana malo, malisiti onse osanjidwa bwino ndi mphira, ngakhale pulani ya nyumba. Titafufuza ku Deeds tinapeza kuti malowo ndi a munthu wina, ndipo pa chikalata pali kale chidindo cha ngongole ya kubanki. Bambowo anali atagula kale njerwa.

Zimenezi si zachilendo. Komiti yomwe anatsogolera Justice Tendai Uchena, yofufuza za kugulitsidwa kwa malo a boma m'matauni, inapereka lipoti lake mu 2019, ndipo linaulula mmene akamberembere a malo anadyera anthu. Nyumba za ku Arlington, kufupi ndi bwalo la ndege, zinagwetsedwa mu 2016. Za ku Budiriro zinagwetsedwa mu Disembala 2020, mvula ili mkati. Ife a ku Mbare, Epworth, Mabvuku ndi Hatcliffe sitifunika kutikumbutsa za Murambatsvina wa 2005, pamene boma linagwetsa nyumba za anthu. Buludoza ikabwera safunsa kuti munalipira ndi Bitcoin kapena ndi EcoCash.

Sindikunyoza omwe akopeka ndi crypto, chifukwa ndikumvetsa kumene zikuchokera. Amene anasunga ndalama kubanki mu 2008 anatsala ndi mapepala. Mu 2019 madola a ku America omwe anali m'maakaunti anasandutsidwa RTGS, ndalama ya kuno ya nthawiyo, imodzi kwa imodzi. Ndalama yatsopano ya ZiG inabwera mu Epulo 2024, pofika Seputembala chaka chomwecho n'kugwetsedwa mphamvu ndi maperesenti opitirira 40. Kumudzi ku Malawi nako kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu woti waona zonsezi, akamva za USDT yomwe imayenda limodzi ndi dola, mtima umakhala pansi. Ndipo kwa achibale a ku Johannesburg kapena London, kutumiza USDT n'kwachangu, nthawi zambiri n'kotchipanso. Pamenepo sinditsutsa. Ngati njira yodutsitsira ndalama, ili ndi ntchito yake.

Koma taganizirani ulendo wa ndalamayo ikafika. Mu Meyi 2018 Reserve Bank of Zimbabwe inalamula mabanki kuti asiye kuchita malonda ndi makampani a crypto, ndipo kusintha crypto kuno kumachitika kwambiri pamanja, munthu ndi munthu. Wogulitsa simenti, wa mchenga, mmisiri womanga, onsewo amafuna dola yogwirika. Ndiye payenera kukhala munthu mmodzi wosintha USDT ya gulu lonse kukhala kashi, n'kuyenda nayo m'thumba. Munthuyo ndi ndani, ndipo akumuyang'anira ndani? Kumbukiraninso kuti crypto ukatumiza watumiza, kulibe manijala wa banki wokamudandaulira kuti aibweze.

Chinanso chandidodometsa mu uthenga munaika muno: akuti lendi iyamba kulowa mwezi wamawa, komanso wobweretsa mnzake alandira bonasi. Lendi ya nyumba yoti maziko sanakumbe ichokera kuti? Ichokera kwa olowa pambuyo panu. MMM inadya anthu kuno mu 2016 mwa njira yomweyo, Mirror Trading International inagwa ku South Africa mu 2020 ndi Bitcoin ya anthu ambirimbiri, E-Creator n'kutseka mu 2023 anthu akulira m'tauni muno. Onsewo oyamba kulowa ankalandiradi, n'chifukwa chake ankaitana abale awo ndi mtima woyera.

Maganizo osonkherana kugula malo ndi abwino, ndipo ife sitikuphunzira lero. Makolo athu atabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu anayambitsa magulu othandizana pa maliro, ndipo chipereganyu, chomwe anzathu kuno amati mukando, chamangitsa nyumba zambiri. Tingachite chimodzimodzi koma polemba. Tilembetse kampani kapena trust, aliyense gawo lake lilembedwe, osayinira ndalama akhale atatu osati apachibale. Malo tiwafufuze ku Deeds Registry ndi kukhonsolo tisanapereke ngakhale senti, wogulitsa ngati ndi ejenti akhale wolembetsedwa ku Estate Agents Council, ndipo ndalama zidzere mu trust account ya loya wodziwika ku Law Society of Zimbabwe mpaka umwini utasinthidwa. Wa kunja wofuna kutumiza chopereka chake pa USDT adziwonere ndi m'bale wake, koma m'buku la gulu mulowe madola ndi lisiti. Ofuna kungoikamo pang'ono osavutika ndi zomanga, kuli ma REIT, magulu okhala ndi nyumba za lendi omwe amagulitsa magawo ake, pa Zimbabwe Stock Exchange. Woyamba anali Tigere mu 2022, eni ake a mashopu a Highland Park ku Harare, ndipo magawo ake mumagula kudzera kwa broker, wogulitsa masheya. Mtengo umakwera n'kutsika, koma nyumbayo mukhoza kupita kukaiona ndi maso.

Ndipo poti ambiri muno ndife makolo: sheya ya m'kampani mwini akamwalira imalowa m'chuma cha masiye kwa Master of the High Court, ana n'kulandira. Token ili mu wallet imatsegulidwa ndi mawu achinsinsi, ndipo ngati malemu sanauze munthu, yapita.

Amayi, tisanakumane Lamulungu mumupemphe mnyamatayo nambala ya title deed, mapepala olembetsera kampani yake, ndi pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya ku Ruwa. Akatumiza nambalayo munditumizire ku inbox, ndikafufuza ku Deeds sabata yamawa.